Tifunseni: Meg, Jo, Beth ndi Amy pa tisheti, pa siteji ndi pa singano

Makalata a mwezi uno akumana pa buku limodzi la ku America komanso zovala zimene anthu amadinda kapena kusoka potengera bukulo. Ayankha ndi alembi athu a za mabuku mothandizana ndi odziwa kusoka ndi kudinda nsalu.

Akonzi, ndinagula tisheti pa kaunjika yolembedwa mayina anayi motsitsa: Meg & Jo & Beth & Amy. Mnzanga akuti ndi gulu loimba. Ndi ndani amenewa? Ndisamavale zinthu zosadziwa mutu wake.
*Mtsikana wa ku Ndirande*

Si oimba ayi, achemwali, ndipo valani mtima uli m'malo. Amenewa ndi atsikana anayi a bere limodzi a m'buku lotchedwa Little Women, lomwe analemba Louisa May Alcott. Gawo loyamba linatuluka mu 1868, lachiwiri mu 1869, ndipo osindikiza anali a Roberts Brothers a mumzinda wa Boston. Mayinawo anawandandalika motsata kubadwa: nkhani ikuyamba Meg ali ndi zaka 16, Jo 15, Beth 13, Amy 12. Bambo awo, a March, ali ku nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 monga m'busa wa asilikali. Chuma cha banjali chinalowa m'madzi kale pamene bambowo ankathandiza mnzawo wina, ndiye pakhomo patsala anawo, mayi awo omwe amawatcha Marmee, ndi wantchito wakalekale dzina lake Hannah.

Alcott sanapite kutali kukafuna anthu a m'nkhani yake. Anatenga a m'nyumba mwawo momwe ku Concord, m'chigawo cha Massachusetts. Mkulu wake Anna ndiye Meg, iye mwini ndiye Jo, mng'ono wake Lizzie yemwe anamwalira mu 1858 ndiye Beth, ndipo chitsirizira May, wojambula, ndiye Amy. May yemweyo ndi amene anajambula zithunzi za m'buku loyambirira. Pali pamodzi pomwe mlembiyu anatembenuza zinthu: kunkhondo sikunapite bambo ake, kunapita iyeyo, kukasamalira asilikali ovulala pa chipatala cha ku Georgetown kumapeto kwa 1862, ndipo anabwerako atadwala taifodi. Nyumba yomwe analemberamo bukuli, Orchard House, ilipobe ndipo alendo amakaiona.

Chimene odinda matisheti ambiri sachidziwa n'chakuti bukuli palokha ladzaza ndi nkhani za zovala, ndipo ndi zovala za anthu osowa. M'mutu wachitatu Meg ndi Jo aitanidwa kuphwando la chaka chatsopano. Diresi la Jo linapsa kumbuyo chifukwa cha chizolowezi chake choima pafupi ndi moto, ndiye ayenera kukhala chotsamira khoma usiku wonse kuti chigamba chisaoneke. Magolovesi ake ali ndi madontho a chakumwa cha mandimu, ndiye agwirizana ndi Meg kuti aliyense avale limodzi labwino, lothimbiriralo angolifumbata m'manja. M'mutu woyamba atsikanawa akusoka nsalu zapabedi za azakhali a March, ndipo kuti ntchito isawatopetse agawa msoko wautali panayi n'kutcha zigawozo Europe, Asia, Africa ndi America. Aliyense amene anakulira m'nyumba yobwerekana siketi ndi nsapato bukuli amalimva msanga.

Kalembedwe kotsitsa mayina ndi chizindikiro cha & kumapeto si ka bukuli. Kanatchuka kuchokera ku tisheti yomwe okonza zithunzi a Experimental Jetset a ku Amsterdam anapanga mu 2001 ya mayina a oimba anayi a Beatles. Mwina n'kumene mnzanuyo anatenga maganizo a gulu loimba.

Ndawerenga bukuli mpaka kumapeto koma Beth sanamwalire, Jo sanakwatiwe. Mufilimu zonsezi zilimo. Afilimu anangopeka?
*Wophunzira wa ku Zomba*

Sanapeke. Inu mwagula theka la buku. Ku Britain gawo lachiwiri ankalisindikiza palokha pa dzina lakuti Good Wives, dzina lomwe silinachokere kwa Alcott, ndipo mabuku ambiri ofika kuno amatsata mwambo umenewo. Werengani mitu: buku lathunthu lili ndi mitu 47, gawo loyamba 23, lachiwiri 24. Ngati lanu lathera pomwe Meg walola kukwatiwa ndi John Brooke azakhali a March atakalipa, mwatsala ndi ulendo wina wonse. Beth adwala matenda a scarlet fever m'gawo loyamba atanyamula khanda la banja losauka la a Hummel, achira koma mphamvu sizibwerera, ndipo amwalira m'mutu wa 40.

Chenjeraninso ndi timabuku topyapyala tofupikitsidwa ta ana asukulu. N'tabwino poyambira Chingerezi, koma nkhani za zovala ndi za ndalama, zomwe ndi mafuta a bukuli, ndi zimene amayamba kudula. Buku lonse likupezeka laulere pa intaneti pa Project Gutenberg.

Za Jo: owerenga a nthawi imeneyo analemba makalata ochuluka kupempha kuti akwatiwe ndi Laurie, mnyamata wolemera woyandikana nawo nyumba. Alcott, yemwe sanakwatiwepo mpaka imfa yake mu 1888, anakanitsitsa. Laurie anamupereka kwa Amy, ndipo Jo anamupatsa Professor Bhaer, Mjeremani wachikulire wosauka. Mkangano wa nkhaniyi sunathe mpaka lero.

Tili ndi gulu la amayi owerenga mabuku ndipo tikufuna kudinditsa matisheti a Little Women, ena ovala ena ogulitsa. Kodi sitiphwanya lamulo? Nanga tingalembepo mawu a Chichewa?
*Mlembi wa gulu, Area 25, Lilongwe*

Mayi, mawu a m'bukulo ndi a aliyense tsopano. Lamulo la umwini wa zolemba ku Malawi, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza ntchito pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 atamwalira, ndipo Alcott anamwalira pa 6 March 1888. Mayina a atsikanawo, chiganizo chilichonse cha m'buku, zithunzi za May Alcott ndi za Frank Merrill za m'buku la 1880, zonsezi dindani ndi kugulitsa popanda kupempha munthu.

Msampha uli pa mafilimu. Nkhope za ochita sewero, zikwangwani zotsatsira, ndi mawu amene analembera filimu ali ndi eni ake. Chimodzimodzinso chikuto cha buku losindikizidwa posachedwa ndi chithunzi chimene wina wajambula n'kuika pa intaneti. Chitsanzo chodziwika ndi mawu aatali amene Jo amalankhula kwa mayi ake mufilimu ya Greta Gerwig ya 2019, onena kuti akazi ali ndi nzeru ndi mzimu, osati mtima wokha. Ndi mawu okoma, amayenda kwambiri pa matisheti, koma mu Little Women simudzawapeza chomwecho. Musadinde chiganizo chomwe simunachione ndi maso anu patsamba la buku.

Onaninso mwini mawu. Chiganizo chotchuka kuposa zonse, chonena kuti sindiopa namondwe chifukwa ndikuphunzira kuyendetsa ngalawa yanga, ambiri amalemba dzina la Jo pansi pake. Amene amanena zimenezi ndi Amy, m'mutu wa 44, ndipo akunena za ukwati wake watsopano ndi Laurie. Gulu lowerenga mabuku likalakwitsa pamenepa ndiye manyazi aawiri.

Chichewa lembani ndithu, kumasulira kwanuko ndi kwanu. Koma masulirani tanthauzo. "Sindiopa namondwe, ndikuphunzira kupalasa bwato langa" limamveka bwino kuposa kutsata liwu ndi liwu, ndipo wakunyanja alimva pompo. Dzina la buku ndiye lovuta. Linachokera m'kalata ya bambo awo, momwe akuti akadzabwera adzanyadira ana awo omwe akhala ngati amayi aang'ono. "Tiakazi" kapena "timayi" kwathu kuno ndi mawu onyoza. "Anamwali" ali pafupi, pakuti nkhani yonse ndi ya atsikana akutha msinkhu, koma akubweretsa chinamwali chomwe m'bukumo mulibe. Ife tingasiye dzinalo m'Chingerezi. Pamene Chichewa chimaposa Chingerezi ndi pa ubale: Chingerezi chili ndi liwu limodzi la onse anayi, pomwe ife Jo kwa Meg ndi mng'ono, kwa Amy ndi mkulu. Tisheti ziwiri, ina "Mkulu wa Amy" ina "Mng'ono wa Jo", zinganene zambiri kwa amene akudziwa kuti Amy anatentha zolemba za Jo pamoto m'mutu wa 8, ndipo posakhalitsa Amy atagwera m'madzi oundana Jo yemweyo anathamangira kukamuvuula.

Tinadinditsa matisheti 12 a mayina anayiwa. Titachapa kawiri zilembo zayamba kumatuka m'mphepete, ndipo pa ofiira zoyera zasanduka pinki. Chalakwika n'chiyani, ndipo ulendo wina tipange bwanji?
*Mwini kashopu, Mzuzu*

Mavuto anu ndi awiri osiyana, ndipo onse akuchokera pa kutentha.

Zilembo zomatuka m'mphepete zikusonyeza kuti anakudindirani ndi vinyl, pulasitiki yopyapyala yomwe makina amadula zilembo kenaka n'kuimata ndi moto. Kuseri kwake kuli guluu amene ayenera kusungunuka n'kulowa mu ulusi wa nsalu. Mitundu yambiri imafuna madigiri 150 mpaka 160, masekondi 10 mpaka 15, ndi kupsinja kwamphamvu. Chimodzi mwa zitatuzi chikapelewera guluu amangokhala pamwamba. Chinyezi nachonso ndi mdani: tisheti iyenera kupsinjidwa yokha masekondi 5 vinyl asanaikidwe kuti nthunzi ichoke. Ngati matisheti ndi a pa kaunjika, achapeni kaye ndi sopo yekha, popanda mankhwala ofewetsera nsalu, chifukwa mankhwalawo amakuta ulusi ndipo guluu sagwira. Pomaliza, pulasitiki yoonekera yomwe imanyamula zilembo ina imafuna kusendedwa ikadali yotentha, ina itazizira. Mukasinthanitsa, zilembo zimadzuka nayo. Funsani wogulitsa mtundu wake.

Njira yodziwira ngati zamata bwino ndi iyi: yang'anani chilembo chopendekera kuwala. Ngati maluko a nsalu akuonekera pang'ono pa vinyl, guluu walowa. Ngati chili see ngati galasi, chibwezeni pamoto. Matisheti anu omwe angoyamba kumatuka angapulumuke: yalani pathabwa kapena patebulo lolimba, osati pa bolodi yositira yofewa, phimbani ndi pepala lophikira makeke, ikani simbi yamagetsi pa kutentha kwa nsalu ya thonje mutatseka nthunzi, tsamirani ndi thupi lonse masekondi 15 malo amodzi osayendetsa, kenaka tembenuzani mupsinjenso kuseri. Simbi yamakala isiyeni pa ntchito imeneyi, kutentha kwake sikudziwika ndipo kumasintha mphindi iliyonse.

Zoyera zosanduka pinki ndi nkhani ina. Matisheti ofiirawo ali ndi poliyesitala. Utoto wa poliyesitala ukatenthedwa kwambiri umasanduka mpweya n'kulowa m'chilichonse chili pamwamba pake, ndipo nthawi zina zimaonekera patapita masiku. Zimenezi sizikonzeka. Ulendo wina gulani a thonje lokhalokha, olemera magalamu 150 mpaka 180 pa sikweya mita, kapena pemphani vinyl wotchinga utoto amene amadindidwa pa moto wochepa.

Tsopano kusankha njira. Pa matisheti ochepa, aliyense ndi dzina lake, vinyl ndi woyenera. Akapitirira 20 ofanana, pitani kwa odinda ndi sefa, omwe amati screen printing. Mtengo waukulu uli pa kukonza sefa, ndipo mtundu uliwonse wa inki umafuna sefa yake, ndiye mawu akuda pa tisheti yoyera ndi otsika mtengo kuposa onse. Inki yokhuthala ya plastisol siuma ndi mphepo, imafuna kuphikidwa pa madigiri pafupifupi 160 mpaka mkati. Musanalipire, kokani nsalu pamene pali zilembo. Inki yopsa imatambasuka n'kubwerera, yosapsa imang'aluka, ndipo imeneyo idzatsukika pochapa. Pa tisheti yakuda funsani ngati aika kaye inki yoyera pansi, apo ayi zofiira ndi zachikasu zidzaoneka zozimiririka.

Pali ena amene amadinda ndi njira ya sublimation pa madigiri 190 mpaka 200 kwa mphindi imodzi. Imeneyo imagwira pa poliyesitala yoyera kapena yowala basi. Wina akakuuzani kuti adinda choncho pa thonje, tsiku loyamba zidzawala, lachitatu zidzakhala zitapita ndi thovu.

Kwa amene alibe makina aliwonse, chidindo chodula pamanja chimagwira ntchito, ndipo mayina anayi aafupi ndi oyenera kwenikweni njira imeneyi. Dulani zilembo pa pulasitiki yolimba, monga filimu yakale ya X-ray, ndi lezala lakuthwa. Pa zilembo zamimba monga o, e, B ndi A siyani timilatho ta mamilimita 2 kapena 3 kuti mkati musagwe. Lowetsani katoni m'kati mwa tisheti. Gwiritsani utoto wa nsalu, osati wapakhoma. Nyikani siponji, ipsinjeni papepala mpaka itsale pang'ono kuuma, ndiye muzidinda motsikira, osapaka chokhula, chifukwa kukhula kumakankhira utoto pansi pa pulasitiki. Kawiri kopyapyala kamaposa kamodzi kokhuthala. Siyani maola 24, kenaka sitani kuseri mphindi 3 mpaka 5.

Miyeso: pa munthu wamkulu zolemba zikhale masentimita 25 mpaka 28 m'lifupi, ziyambe masentimita 7 kapena 8 pansi pa kolala. Pezani pakati popinda tisheti pawiri n'kusita mzere. Pa vinyl chilembo chisachepere sentimita imodzi kutalika, ndipo pewani zilembo zokhotakhota zoonda ngati zolemba pamanja za kalelo. Zimakongola pa kompyuta, koma mizere yoonda ilibe malo okwanira guluu ndipo ndi imene imayamba kudzuka. Wodula vinyl akumbukire kutembenuza mawu ngati pagalasi asanadule.

Ogula auzeni zinayi: asachape maola 24 oyamba, achape atatembenuza m'madzi ozizira, asamenye pamwala kapena kukhula ndi burashi pa zilembo, ayanike pamthunzi n'kusita kuseri.

Ndine mphunzitsi, ndipo kalabu ya zisudzo ikukonza sewero la gawo loyamba. Ndalama n'zochepa. Telala timuuze chiyani?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, kuchepa kwa ndalama kukuthandizani, chifukwa cholakwika chachikulu m'masewero a bukuli ndi kuveka ana a March ngati ana a mfumu. Diresi lonyezimira likufunika limodzi lokha, labuluu wowala, lothina ndiponso lotsika pachifuwa, lomwe anzake olemera a banja la a Moffat amamuveka Meg m'mutu wa 9, ndipo ntchito yake ndi kuoneka lachilendo pa iye.

Choyamba sankhani dziko. Ngati mukusamutsira nkhani kumudzi wa kuno, valani zitenje ndi maduku kwathunthu, palibe cholakwika. Ngati mukuisiya ku Massachusetts ya m'ma 1860, chitenje cha maluwa akuluakulu chisalowe. Funani nsalu zosalemba, za mabokosi aang'ono, kapena za timaluwa tating'ono. Nsalu zapabedi ndi makatani a pa kaunjika ndiye chuma chanu: nsalu imodzi ya bedi lalikulu imatulutsa siketi yonse.

Maonekedwe a nthawiyo ali pa zinthu zitatu. Siketi ndi yotambalala kwambiri. Msoko wa phewa umatsika masentimita 4 kapena 5 kupitirira phewa kulowera kumkono. Khosi ndi lotseka, lokhala ndi kolala yoyera yosokerera pamanja yomwe ankaichotsa pochapa. Mabatani kapena tingowe timakhala kutsogolo. Zipi kunalibe, koma ngati mwana ayenera kusintha msanga kuseri kwa katani, bisani zipi m'nthiti.

Siketi isadulidwe mozungulira. Ndi zidutswa zowongoka zitatu za nsalu ya masentimita 115 m'lifupi, zolumikizidwa kukhala mkombero wa mamita pafupifupi 3.4. Kutalika kwa chidutswa chilichonse ndi kuchokera m'chiuno kufika pansi kuonjezerapo masentimita 10. Werengerani mamita 3.5 a siketi ndi 2 a kumtunda ndi manja, onse pamodzi 5.5 kapena 6. Apa telala wosazolowera amagwa: kulowetsa masentimita 340 m'chiuno cha masentimita 70 ndi kupinda kasanu, pomwe mapindo wamba oyandikana amadya katatu kokha. Muuzeni apinde mosanjikiza kutsogolo ndi m'mbali, zotsalazo azikwinyire kumbuyo ndi mizere iwiri ya ulusi wolimba wosokedwa motalikitsa. Mzere umodzi umaduka pokoka. M'munsi mwa siketi asokerere kuseri nsalu yolimba ya masentimita 12 mpaka 15 kuti igwe bwino isamakulunge miyendo.

Akazi a nthawiyo ankavala chikhola cha mawaya m'kati kuti siketi itukumuke. Pa siteji yaing'ono ndi ana othamanga, chisiyeni. Mapitikoti awiri olimbitsidwa ndi sitachi akwanira. Sungunulani supuni 2 zazikulu za ufa wosalala wa chinangwa m'kapu ya madzi ozizira, thirani mu lita imodzi ya madzi owira mukutakasa mpaka ayere mbee, onjezani lita ina ya ozizira, nyikani, finyani pang'ono, yanikani, sitani zikadali ndi kachinyezi. Ufa ukathiridwa wouma m'madzi otentha umachita mibulu yomwe imapsa pa simbi.

Msinkhu uonekere pa kutalika kwa siketi ndi pa tsitsi. Meg yofika pansi, tsitsi lomangidwa m'mwamba. Jo chimodzimodzi koma monyinyirika, pakuti m'mutu woyamba amazula neti ya kumutu Meg atamukumbutsa kuti wakula. Beth ndi Amy zolekeza pakatumba, ndi maepuloni. Kuphwando buku limanena lokha: Jo wavala lofiirira ngati magazi owuma ndi kolala yolimba yachimuna, Meg lotuwa ngati siliva. Chigamba cha kumbuyo kwa Jo chikhale cha nsalu yosiyanako mtundu pang'ono ndiponso chachikulu ngati chikhatho, kuti wokhala kumbuyo kwa holo achione. Musaotche nsalu yeniyeni, imapitiriza kunyenyeka.

Nzeru imodzi yobwereka kwa Jacqueline Durran, yemwe analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar chifukwa cha zovala za filimu ya 2019: mwana aliyense akhale ndi mtundu wake sewero lonse. Iye anapatsa Jo zofiira, Meg zobiriwira, Beth zapinki ndi zakhofi, Amy zabuluu wowala. Oonera sasokoneza atsikana ngakhale atasintha shawelo.

Pomwe Jo amagulitsa tsitsi lake madola 25 kuti mayi apeze ndalama ya ulendo wokaona bambo odwala ku Washington, musamete mwana wa eni. Ayambe sewero ndi mesh yolukidwa yomangidwa ndi mapini, aichotse kuseri, alowe atavala chipewa, achivule pamaso pa anthu. Ndipo makandulo enieni asayandikire masiketi amenewa. Masiketi otambalala anapha akazi ambiri ndi moto m'zaka zomwezo, ndipo thonje lasitachi silichedwa kuyaka.

Mkulu wanga amakonda bukuli koma savala matisheti olembalemba. Ndimadziwa kusoka pang'ono. Ndingamupangire chiyani chochokera m'bukumo?
*Mng'ono wake, Johannesburg*

Zilipo ziwiri, ndipo kwa ife zimaposa tisheti iliyonse, chifukwa amazizindikira ndi wowerenga yekha.

Choyamba ndi chovala cholembera cha Jo cha m'mutu wa 27: epuloni yakuda yaubweya yomwe ankapukutirapo cholembera, ndi kachipewa ka nsalu yomweyo kokhala ndi riboni yofiira. Kachipewako kanali ngati chikwangwani kwa apabanja. Kakatsikira pamphumi ndiye kuti ntchito yagwira, kakapendama ndiye kuti nkhani yafika pokoma, kakaponyedwa pansi ndiye kuti zavuta ndipo wolowa asayerekeze kufunsa kanthu. M'malo mwa ubweya tengani mita imodzi ndi theka ya nsalu yakuda yolimba ya thonje, yonga ya yunifolomu. Ichapeni kaye payokha kawiri, chifukwa yakuda imatulutsa utoto ndipo imafupika. Dulani chapachifuwa masentimita 28 kutalika ndi 25 m'lifupi, chapansi 70 kutalika ndi 100 m'lifupi chokwinyidwa kufika 45, lamba wa masentimita 10 m'lifupi wopindidwa pawiri, zingwe zomangira ziwiri za 70, ndi zapaphewa ziwiri za 60 zopingasana kumsana. Ikani thumba limodzi lolowa kope. Kachipewa ndi nsalu yozungulira ya masentimita 45, yopindidwa m'mphepete, yokhala ndi lasitiki masentimita 4 kuchokera kumapeto. Riboni yofiira imangidwe ndi pini, osaisokerera, kuti izichotsedwa pochapa.

Chachiwiri ndi kampango ka Beth. Pa Khirisimasi atsikanawa anagwiritsa tindalama tawo kugulira mayi mphatso, ndipo Beth anapeta timipango n'kulembapo liwu lakuti mayi m'malo mwa zilembo za dzina, poopa kuti M. M. ndi zilembo za Meg yemwe ndipo sankafuna wina aliyense atigwiritse ntchito. Inu petani "Akulu" kapena dzina lomwe mumamuitanira kunyumba. Dulani nsalu yoyera yopyapyala ya thonje masentimita 32 mbali zonse, pindani m'mphepete kawiri mamilimita 5. Lembani mawu pakona ndi pensulo mopepuka, zilembo za masentimita 1.5 mpaka 2. Ulusi wopetera umabwera ndi timitsitsi 6, patulani 2 tokha. Mangani nsalu pa kamkombero kopetera kuti isakwinyike, ndipo sokani msoko wobwerera kumbuyo wa mamilimita 2, wofupikirapo pokhota. Musamange mfundo, kampango kamaoneka mbali zonse: siyani kamchira n'kukalowetsa pansi pa misoko yoyamba. Ulusi wofiira uyeseni musanayambe pounyowetsa n'kuupsinja pa nsalu yoyera. Ukasiya chizindikiro, gulani wina kapena petani ndi wabuluu. Mukatha chapani m'madzi ozizira kuti pensulo ichoke musanasite, chifukwa simbi imakhazikitsa zolembazo, ndipo sitani kuseri mutayala pa thawulo kuti zilembo zitukuke.